Sindinafike pa Pempho

Amayi anga olemekezeka,

Kodi kumene muliko mukudzuka bwanji masiku ano? Kuno tilipo, ngakhale kuti si tonse, monga ndifotokozere m'munsimu. Ndikulemba kalatayi Lolemba m'mawa, ndili pa tebulo la m'khitchini mwa mdzukulu wanu Agnesi, mu mzinda wa Wakefield, kuno ku Ulaya. Papita zaka khumi ndi chimodzi chiikireni maliro anu kwathu ku Dedza, ndipo pa zaka zonsezi sindinakulembereni ngakhale kamodzi. Ndikupepesa. Ndinalibe chifukwa chomveka, koma kuti panali munthu amene ndinkamuuza zonse madzulo aliwonse, motero nkhani sizinkatsala zoti nditumize kwina.

Ndiyambe ndi nkhani zing'onozing'ono, pakuti ndi mmene tinaphunzitsidwira.

Kadimba kaja ndinakuuzani kuti timabwereka kuseri kwa njanji kadakalipo. Chimanga chimandikanabe. Chimakula bwino mpaka kumasula ngayaye, kenako dzuwa limatha chisanakhwime, ndipo ndimabwera kunyumba ndi zitsononkho za mano ochepa ngati a ine mwini. Maungu ndi nyemba zimachita bwino. Mpiru umadyedwa ndi nkhono zopanda chigoba zimene kuno zilipo zambiri. Chaka chino sindinadzale kanthu. Mbatata ya kachewere inangodzimerera yokha kuchokera ku zotsalira za chaka chatha. Ndinakumba, ndinadzaza matumba awiri, ndinagawira anthu a m'madimba oyandikana nawo. Anayamikira kuti ndi yokoma. Ine sindinailawe.

Bondo lakumanzere likundivuta pokwera basi, ndipo adotolo akuti ndi ukalamba basi. Tayi ndimavalabe tsiku lililonse, ngakhale popita kudimba. Munkati munthu wophunzira amaoneka ndi khosi, ndipo munkanena mondiseka, koma ine ndinazitenga ngati lamulo.

Nkhani yabwino ndi iyi. Agnesi ndi mwamuna wake Lukasi analandira mwana wamkazi mwezi wa Julayi. Anadikira zaka zisanu ndi zinayi, ndipo m'kati mwa zakazo mimba ziwiri zinapita padera. Sitinkazinena, koma nyumba yonse inkayenda monyang'ama. Mwanayu amupatsa dzina lanu, Yulita. Ali ndi chipumi chanu, ndipo akakwiya amatulutsa mlomo wam'munsi monga munkachitira mbuzi za eni zikalowa m'munda.

Tsopano nkhani inayo. Mpongozi wanu, Anambewe, anamwalira mwezi wa Malichi. Mdzukulu wawo Yulita sanamuone. Anadwala miyezi isanu, nthenda ya m'chiwindi. Tinawaika konkuno, pa manda a mu mzinda uno, chifukwa anachita kunena okha kuti asawatengere kutali ndi mwana wawo. Mwina mwakumana kale, ndipo mukundiseka kuti ndikukuuzani zimene mukuzidziwa. Komabe pali mbali ina ya imfayi imene sindinauze munthu aliyense, ndipo kuti muimvetse ndiyenera kukukumbutsani za ku seminale.

Mukukumbukira kuti ndili ndi zaka khumi ndi zitatu munandiperekeza pa msewu, katundu wanga ali m'bokosi lachitsulo. Kumeneko tinali ndi wansembe wachizungu wotiphunzitsa Chilatini, amene anyamata tinkamutcha Kadzidzi chifukwa cha magalasi ake. Iye ndi amene anatiphunzitsa kuti kulankhula kuli ndi mamangidwe ngati nyumba. Ankati Aroma akale, Chikhristu chisanafike kwawo, anali ndi akatswiri oimira anthu pa milandu, ndipo akatswiriwo anapeza kuti munthu akafuna kutembenuza mtima wa woweruza sayamba chiyambeyambe. Patapita zaka mazana ambiri, amonke a ku Ulaya, amuna odzipatula kuti azikhala moyo wa mapemphero, anatenga luso lomwelo n'kuligwiritsa polemba makalata kwa mafumu ndi maepiskopi, kenako anaona kuti wopemphera nayenso ali ngati munthu woima pamaso pa woweruza wamkulu kuposa onse. Motero pemphero, monga kalata, analipatsa magawo. Poyamba malonje, kutchula mwaulemu amene ukulankhula naye. Kachiwiri matamando, kuti mtima wa womvera ukukondwerere. Kachitatu kufotokoza nkhani monga ilili. Kachinayi pempho. Kachisanu mawu otsekera. Ankamenya tebulo ndi choko n'kunena kuti wopemphapempha wa pa msika yekha ndi amene amayamba ndi kutambasula dzanja.

Ine zimenezi zinandilowa m'mafupa. Ndinaona ngati ndapatsidwa kiyi wa nyumba ya Mulungu, pamene anthu ena onse akulowera pa zenera.

Simunaiwale, ndikudziwa, zimene ndinachita pa tchuthi cha Khirisimasi chaka chimenecho. Mvula inadula milungu itatu chimanga chili m'mawondo. Munaima pakati pa munda, khasu lili m'manja, n'kuyang'ana kumwamba, n'kunena kuti, "Mwini wake, chikufota ichi, mukuona. Tipatseni mvula." Ine, ndi kabudula wanga wa kaki, ndinakudzudzulani pamaso pa azakhali. Ndinati si mmene amapempherera, ndipo ndinayamba kukuwerengerani magawo asanu pa zala. Munandimvetsera mpaka chala chomaliza. Kenako munati, "Gervazio, nyumba ikamapsa munthu sachita odi." Munapitiriza kupalira. Ndinaganiza kuti ndi mayankhidwe a munthu wosapita kusukulu, ndipo ndinakukhululukirani mumtima mwanga. Ndikuchita manyazi kulemba mawu amenewa, koma ndi mmene zinalili.

Unsembe sindinaufike, monga mukudziwa. Ndinakhala mphunzitsi, ndinakwatira, ndipo pambuyo pake maphunziro anandibweretsa kuno. Koma luso lija sindinalisiye. Pakati pa Amalawi a kumpoto kwa dziko lino ndinasanduka munthu wa mapemphero. Ukwati ku Leeds, maliro ku Salford, mwana wamaliza yunivesite ku Newcastle, foni inkalira kwathu. Ndinkakwera sitima, jekete itasitidwa, n'kukaima patsogolo. Anthu ankati a Kamwendo akapemphera umamva ngati kumwamba atsegula mafaelo ako. Mnzanga wina wa ku Salford, a Phiri, amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ngakhale nawonso ndi okalamba, ankakonda kunena mokweza kuti aliyense adyeretu kwawo ngati wopempherera chakudya ndi a Monsinyo. Ndilo dzina ananditcha, dzina laulemu la wansembe wamkulu. Ndinkachita ngati landinyansa, koma linkandikoma.

Anambewe anali ndi njira yawo. Pa mapemphero onse ankaima pambali panga atandigwira dzanja, ndipo akaona kuti ana ayamba kulira kapena amayi atopa kuima, ankandifinya dzanja kawiri. Tanthauzo lake linali lakuti, fikani pa pempho, mumalize. Ndipo ine ndinali ndi njira yanganso. Akandifinya, ndinkawonjezera dala ziganizo ziwiri kapena zitatu za matamando, kuti asaganize kuti mwamuna wophunzira Chilatini amayendetsedwa ndi zala za mkazi. Pobwerera pa sitima ankandiuza kuti Mulungu amadziwa kale maudindo ake onse, sasowa kuti ndimukumbutse. Ine ndinkawayankha kuti ulemu sutopetsa. Tinachita zimenezi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi. Sunali mkangano. Anali masewera athu.

Tsiku limene anamwalira linali Lachinayi. Wansembe anali atawadzoza mafuta m'mawa. Cha m'ma 3 koloko masana, Agnesi, amene panthawiyo anali ndi pakati pa miyezi isanu, anatuluka m'chipinda cha chipatala kukaimbira foni mwamuna wake kuti abwere msanga. Tinatsala awiri. Pa zenera pankaoneka malo oimikapo magalimoto ndi kamvula kosalekeza ka kuno. Anambewe anatsegula maso, n'kunena ndi mawu ochepa amene anawatsalira:

"Bambo a Agnesi, tapempherani."

Amayi, ndinaimirira. Ndinamanga mabatani a jekete. Ndinawagwira dzanja, ndinatsinzina, ndipo ndinayamba monga mwa dongosolo. Ndinatchula Mulungu ndi mayina ake. Ndinalowa m'matamando. Ndinamutamanda chifukwa cha chilengedwe, chifukwa cha makolo, chifukwa cha ulendo wotichotsa ku Dedza kufika kuno. Mawu ankabwera bwino kwambiri tsiku limenelo, osalala, olumikizana, moti ndikukumbukira kuti mbali ina ya mutu wanga inkayamikira.

Ndili m'kati mwa matamandowo anandifinya dzanja kawiri.

Ndinamva. Sindinganame kuti sindinamve. Ndipo ndinachita chimene ndinachita kwa zaka zonse zija: ndinawonjezera ziganizo. Dzanja lawo linamasuka, ndipo ndinaganiza kuti agonja monga ankagonjera nthawi zonse. Ndinamaliza matamando, ndinafotokoza nkhani ya matenda awo mwatsatanetsatane kuyambira tsiku loyamba, ndipo nditafika pa mawu akuti tsopano tikupemphani, ndinamva munthu akundikhudza pa phewa. Anali namwino. Agnesi anali ataima pa khomo atagwira pakamwa. Sindikudziwa kuti anali ataima pamenepo nthawi yaitali bwanji. Sanandiuze, ndipo sindinamufunse.

Sindinalire tsiku limenelo, ngakhale pa maliro. Ndinasaina mapepala onse. Ndinasankha bokosi. Ndinalandira anthu pa khomo, aliyense ndi dzina lake. Atandipempha kuti ndipemphere kumanda, ndinati pakhosi pandiuma, ndipo anapemphera a Phiri. Anthu anati ndi chisoni, chidzatha. Koma sichinali chisoni monga mmene ndinkachidziwira pa maliro anu, pamene ndinalira mpaka amalume kundigwira. Mukudziwa mmene mwendo umachitira dzanzi munthu akaukhalira nthawi yaitali: umauona kuti ulipo, umaugwira, koma suumva. Mtima wanga uli choncho kuyambira Malichi.

Ku Misa ndimapita Lamulungu lililonse. Ndimaima poyenera kuima, ndimagwada poyenera kugwada. Milomo imayenda. Koma pemphero langalanga sindinanene ngakhale limodzi kwa miyezi isanu ndi iwiri, ngakhale la pa chakudya. Ndikati ndiyambe, ndimafika pa malonje n'kuona msewu wonse uli patsogolo panga, magawo onse ali pa mzere, ndipo ndimangotsegula maso n'kutenga supuni. Foni inkalirabe. Ndinakana ukwati umodzi ndi maliro awiri. Pang'ono ndi pang'ono inasiya kulira.

Mwezi wa Ogasiti ndinakwera sitima kupita ku Leeds, ndipo kumeneko ndinakwera basi kupita ku bwinja lina la amonke lili m'mbali mwa mtsinje. Makoma ake ataliatali adakaima, koma denga kulibe, ndipo pamene panali guwa pamera kapinga amene anthu amayendetsapo agalu. Ndinakhala pa benchi. Ndinaganiza kuti anthu amene anamanga makoma amenewa ndi omwe aja ankakopera ndi manja malamulo amene Kadzidzi anatiphunzitsa, ndipo ndinkafuna kuwakwiyira. Mkwiyo sunabwere. Chimene chinabwera ndi phunziro lina limene ndinali nditaliiwala. Tsiku lina, belu litatsala pang'ono kulira, Kadzidzi anatiuza kuti amonkewo nawonso ankadzifunsa kuti, kodi munthu anganyengerere bwanji woweruza amene akudziwa kale mlandu wonse, amenenso anagamula kale mwachifundo? Ndipo ena mwa iwo anayankha kuti dongosolo lonselo silofewetsa Mulungu ayi, koma lotenthetsa mtima wa wopempherayo, monga munthu amasanja tinkhuni kuti moto ugwire. Moto ukagwira, kusanja kwatha ntchito. Anatinso amonkewo ankalemekeza koposa pemphero lalifupi lotuluka mwadzidzidzi ngati muvi. Sitinalembe zimenezo m'makope chifukwa anati sizidzabwera pa mayeso.

Pa benchi pomwepo ndinavomera chinthu chimene ndinkachizemba. Sindinatalikitse matamando tsiku lija chifukwa cha chizolowezi chokha. Ndinkaopa kufika pa pempho. Sindinkadziwa choti ndipemphe. Kupempha kuti achire kunali kunama, pakuti tonse awiri tinkadziwa. Kupempha kuti apite mwamtendere kunali kuwatsegulira chitseko ndi dzanja langa. Choncho ndinabisala m'mayina a Mulungu, monga mwana amabisala m'chitenje cha amake, ndipo mkazi wanga anapita akundidikira kuti ndinene kanthu kena koona. Nditavomera zimenezi ndinadya buledi amene ndinatenga, ndinakutumula nyenyeswa pa thalauza, ndipo ndinakwera basi yobwerera. Sindinamve kupepuka kapena kulemera.

Milungu itatu yapitayo Agnesi anandiuza kuti akonza ubatizo wa Yulita, ndipo pambuyo pa Misa kudzakhala chakudya mu holo ya tchalitchi. Anati akufuna ndidzapempherere mwanayo pamaso pa anthu. Ndinamuyankha kuti wansembe adzakhalapo, a Phiri adzakhalapo, anthu opemphera sasowa. Masiku onse Agnesi amandilankhula Chingerezi chosakaniza, ndipo amanditcha Dadi. Tsiku limenelo anakhala pansi pa mkeka wa pabalaza, mwana ali pa miyendo, n'kulankhula Chichewa chokhachokha.

"Ababa, amayi kulibe. Agogo kulibe. Mukakana inu, wa magazi ake amene amunenere kwa Mulungu ndani? Ine ndayesa, koma ndikangoyamba ndimaopa."

Sindinamufunse chimene amaopa. Ndinavomera.

Ndinakonzekera monga ndinkakonzekerera mayeso. Ndinagula kope latsopano. Kwa milungu iwiri ndinalemba, kufufuta, kulembanso. Malonje anatuluka bwino. Matamando anadzaza tsamba limodzi ndi theka, ndipo ndikhoza kunena mosadzitama kuti sindinalembepo abwino kuposa amenewo. Nkhani ndinaifotokoza mwaulemu, zaka zodikira, ana awiri amene sitinawaone nkhope, agogo ake amene anapita asanamunyamule. Mawu otsekera ndinalembanso. Gawo lachinayi lokha ndinasiya mpata wa mizere isanu, ndikudziuza kuti mawu adzabwera. Mpaka Loweruka mpatawo unali woyera.

Ubatizo unali dzulo. Anthu anabwera ambiri, ena ochokera ku Salford ndi ku Newcastle, ena atangoweruka ku ntchito za m'nyumba zosungira katundu, maso ali ofiira. Amayi a m'mphakati wathu anavala zitenje zofanana pamwamba pa majuzi. Misa itatha tinalowa mu holo, ndipo Lukasi anagogoda kapu ndi supuni n'kulengeza kuti agogo a mwana atitsogolera. Ndinamva a Phiri akuuza anthu a pa tebulo lawo kuti amene ali ndi sitima ya madzulo asinthiretu tikiti. Anthu anaseka, ndipo kuseka kwake kunali kwachikondi. Ankakondwa kuti a Monsinyo abwerera.

Ndinaimirira, ndinamanga mabatani, ndinatulutsa mapepala m'thumba. Agnesi anabwera kudzaima pafupi nane atanyamula mwana. Holo yonse inakhala chete, mitu itawerama. Yulita anali ndi kachimfine, ndipo m'kachetechetemo ndinkamva kupuma kwake, kofulumira, kokhala ndi kaphokoso m'mphuno. Ndinayang'ana mzere woyamba wa pepala. Ndinadziwa kuti kuchokera pamenepo kufika pa mpata woyera uja panali mphindi zisanu ndi ziwiri, pakuti ndinali nditayeza ndi wotchi. Ndinayesa kutsinzina, koma zikope zinakana. Sindikanatha kuchotsa maso pa chifuwa cha mwanayo kwa mphindi zisanu ndi ziwiri. Ndinkangoona kansalu koyera kakukwera, kutsika, kukwera.

Sindinasankhe mawu. Ndinangomva akutuluka, ndi liwu losakhala la pa guwa, liwu limene ndimaitanira munthu m'chipinda china:

"Ambuye, uyu mutisiyire."

Ndinadikira kuti ena atsatire. Sanatsatire. Anthu anakhalabe chowerama, poganiza kuti ndikupuma ndisanayambe zenizeni. Ndinapinda mapepala, ndinabweza m'thumba, ndinakhala pansi. Kenako a Phiri, amene liwu lawo limamveka ngakhale kunja, ananena Amen motsitsa kwambiri, ndipo ena anatsatira mmodzimmodzi, mosagwirizana. Mayi wina anandibweretsera madzi poganiza kuti ndachita chizungulire. Ndinamwa kuti ndisamukhumudwitse. A Phiri anabwera pambuyo pake, anatsegula pakamwa monga munthu amene wakonza nthabwala, kenako anangokoka mpando n'kukhala nane mpaka anthu atayamba kubalalika. Titafika kunyumba Agnesi anandiuza kuti zimene ndinapemphazo ndi zomwezo zimene iye wakhala akulephera kutchula, n'kukwera m'chipinda chake.

Monga mphunzitsi wakale ndiyenera kunena chilungamo: pemphero limenelo linasowa magawo atatu mwa asanu, ndipo pa mayeso ndikanalilepheretsa. Sindikunenanso kuti ndachira. Lero ndadzuka chimodzimodzi, ndameta ndevu, ndamanga tayi, ndipo mumtima mudakali zii. Sindikudziwa ngati pemphero linamveka. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinafika pa pempho mwana akupuma.

Ndakuchedwetsani, Amayi, ndi masamba onsewa, ndipo mwaona kale kuti ngakhale kwa inu ndazungulira. Chimene ndalembera kalatayi ndi ichi. Mukawaona Anambewe, muwauze kuti dzanja lawo ndinalimva, kawiri konse, ndipo ndinadziwa tanthauzo lake. Muwauze kuti sindinanyozere. Ndinkachita mantha. Ndipo chimene ndikanapempha, ndikanakhala munthu wolimba mtima, n'chakuti asapite okha, wina wa kwathu awachingamire pa njira. Ngati munali inu, zikomo.

Ndikulonjeza kuti mawa m'mawa ndigwada, ngakhale bondo likane, ngakhale ndisamve kanthu, ndipo ndinena chimene ndikufuna ndisananene china chilichonse. Ndidzachita chomwecho mkuja, ndi masiku onse amene anditsalira.

Ndimakukondani, ngakhale kuti muli moyo sindinapeze gawo loyenera kuikapo mawu amenewa.

Ndine mwana wanu,
Gervazio